Tabwerera ku Joni, koma ulendo sunathe



Alhamdulillah, tabwerako ku Mangochi komwe tidapita ndi ana kukaona makolo. Pobwerera tidanyamuka Ramadhan itayamba kale. Amene adayendapo pa basi akuidziwa njirayi: chipata cha Mwanza, kuwoloka Zambezi ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, mzere wautali wa pa Beitbridge, mpaka kudzatsika pa Park Station ku Johannesburg miyendo itatupa. Koma chomwe chatitsalira mumtima si kutopako. Titangotsegula chitseko cha nyumba yathu ya lendi ku Mayfair, mwana wathu wamng'ono adaponya chikwama pansi n'kunena m'Chingerezi kuti wafika kwawo. Akuluakulufe tidangoyang'anana, poti kwa ife kwathu n'komwe tinali titangochokako.

Mwanayo sadalakwe. Adabadwira kuno, sukulu ndi madrasa ake ali kuno, anzake ali kuno. Olakwa tikhala ife ngati tiganiza kuti masabata atatu pa zaka ziwiri ndi okwanira kumanga chibale. Tidaziona ndi maso athu: agogo akufunsa mdzukulu wawo m'Chiyao, mdzukulu akuyang'ana ife kuti timumasulire. Mabulangete ndi mafoni tidanyamula, koma macheza a awiriwo adathera pa moni.

Ife tikuona kuti ulendo wa kumudzi umasiya ngongole zitatu, ndipo zonse zimabwezedwa tikabwerera.

Yoyamba ndi ya swaumu. Mu Surah Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, Allah wapereka chilolezo kwa wapaulendo kuti amasule, adzabweze masikuwo pambuyo. Ife tidamasula masiku awiri panjira. Chilolezochi ndi chifundo, tisachite nacho manyazi. Koma masikuwo tiwalembe, tiwabweze Ramadhan ina isanakwane, ndipo ana atione tikubweza.

Yachiwiri ndi ya ndalama. Tinene zoona, ambirife timakongola kuti tikaoneke olemera kumudzi, ena mpaka kutenga katapira amene ali riba yeniyeni. Tikabwerera timayamba kuthawa mafoni a eni ndalama, ngakhalenso a makolo amene tidawalonjeza malata. Ndi bwino kupita ndi zochepa za halali kusiyana ndi kuimirira pa Tarawehi mtima uli pa ngongole.

Yachitatu, yomwe ndi yolemera kwambiri, ndi ya chibale. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adaphunzitsa, monga zilili mu Bukhari ndi Muslim, kuti kulumikiza chibale kumaonjezera rizki ndi madalitso a moyo. Kulumikizako si kutumiza ndalama kokha pakutha pa mwezi. Nthawi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi imodzi, choncho palibe chotiletsa kuimbira kumudzi tikatha kufutulu, n'kumupatsa mwana foni kuti alankhule yekha ndi agogo ake, ngakhale adodome.

Ena anena kuti mwana wa kuno akufunika Chingerezi cha kusukulu ndi Chiarabu cha Qur'an basi, zinazo n'zomulemetsa. Sitikukana kufunika kwa ziwirizo. Koma agogo sadzaphunzira Chingerezi paukalamba wawo, ndipo mwana amene satha kuwafunsa mmene adzukira sadzadziwanso chifukwa chowapemphera dua akadzamwalira. Chilankhulo sichifuna fizi. Chimangofuna kuti pa mkeka wa daku ndi pa mbale ya futali tizilankhula chathu.

Tisamukalipire mwana ponena kuti Joni ndi kwawo. Timuthandize kudziwa kuti alinso ndi kwawo kwina, komwe kuli anthu omufunsa ndi kumupempherera tsiku lililonse.

Tikumupempha Allah alandire swaumu yathu, awasunge makolo athu, ndipo atikumanitsenso nawo ali moyo. Ameen.