Kemo Ikasunthidwa Tsiku, Kodi Khansa Imapeza Mpata?

Mayi wodwala khansa ya m'matumba a mazira imene yafalikira amayendera kalendala yokhwima. Kuwonjezera pa opaleshoni yochotsa zotupa, amalandira kemo ya mitundu iwiri, carboplatin ndi paclitaxel, kudzera m'diripi pa masiku 21 alionse, kawirikawiri maulendo 6. Koma kalendalayi imasokonekera. Mayi amafika m'mawa ndi buku lake la kuchipatala, amamutenga magazi, ndiye masana namwino amamuuza kuti, "Mayi, magazi anu atsika, mubwerenso sabata yamawa." Amabwerera kwawo ali ndi funso limodzi: kodi sabata imeneyi sindiyo idzabwezeretse matenda?

Mantha ake ali ndi maziko. Khansayi imapezeka mochedwa chifukwa zizindikiro zake, monga kutupa mimba, kukhuta msanga ndi kukodza pafupipafupi, anthu amaziyesa matenda wamba. Mwa amayi 10 amene yawapeza itafalikira kale, pafupifupi 7 imawabwerera ngakhale atamaliza mankhwala.

Amene amalimbikira kusunga tsiku amanena zomveka. Kemo imapha gawo la maselo a khansa pa ulendo uliwonse, ndipo otsalawo amayambiranso kuchulukana. Zili ngati kupalira: ukachedwa kubwerera m'munda, udzu umakupeza utakula. Akatswiri atawunika mabuku a amayi ambiri amene anali m'kafukufuku ku America, anapeza kuti omwe kemo yawo inkachedwa kapena kuchepetsedwa mlingo, matenda ankawabwerera msanga kuposa anzawo.

Komatu kemo simenya khansa yokha. Imafooketsanso mafuta a m'mafupa, komwe magazi amapangidwa. Asilikali a m'thupi akachepa, kachilombo kamene munthu wathanzi sangakamve n'komwe kangaphe mayi m'masiku ochepa. Tizigawo tothandiza magazi kuundana tikachepa, angathe kutaya magazi mosaletseka. Dokotala akasuntha tsiku pa chifukwa chimenechi, ndiye kuti akuteteza moyo kuti mayi afike pa ulendo wa 6. Palinso china choyenera kusamala powerenga zotsatira za ku America zija: amene kemo yawo imachedwa nthawi zambiri ndi amene anali ofooka kale kapena odwalitsa, choncho n'kovuta kulekanitsa mlandu wa kuchedwa ndi mlandu wa matendawo.

Kufulumira nakonso sikuti kumapindula nthawi zonse. Kafukufuku wa ku Japan amene zotsatira zake zinatuluka mu 2009 anasonyeza kuti kupereka paclitaxel sabata iliyonse kunachedwetsa kubwerera kwa khansa. Koma kafukufuku wamkulu wa ICON8, wotsogozedwa ndi akatswiri a ku Britain, sanapeze phindu limenelo mu 2019. Mu 2010, katswiri wina, Gordon Rustin, ndi anzake anafalitsa zotsatira zina zodabwitsa. Amayi amene anayambanso kemo chizindikiro cha m'magazi cha CA-125 chitangokwera, anayamba pafupifupi miyezi 5 anzawo odikira zizindikiro za m'thupi asanayambe, koma sanakhale ndi moyo wautali kuwaposa. Chimene chimatsogolera kwambiri pa kubwerera kwa khansa ndi kuchuluka kwa chotupa chimene chatsala opaleshoni ikatha, komanso mmene khansayo imamvera carboplatin. Ikabwerera miyezi 6 isanathe chimalizireni kemo, madokotala amadziwa kuti yayamba kupima mankhwalawo.

Ndiye nkhani yagona pa chimene chachedwetsa. Pali kuchedwa kumene thupi lapempha, ndipo pali kuchedwa kumene umphawi ndi dongosolo lofooka zabweretsa. Kuno ku Malawi thandizo la khansa limapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Mayi wa kumudzi amafunika thiransipoti ya anthu awiri, iye ndi gadiyani wake, masabata atatu alionse. Ndalama ikasowa, tsiku limapita. Magazi omuwonjezera akasowa, kapena mankhwala akatha m'nkhokwe, tsiku limapitanso. Ena akayamba kusanza ndi kuthothoka tsitsi, abale amawalangiza kuti apume kaye ayesere zitsamba. Kuchedwa kotereku kulibe chimene kukuteteza, ndipo sabata imodzi imasanduka mwezi.

Chigamulo changa n'chakuti mayi amene dokotala wamusunthira tsiku ndi sabata imodzi chifukwa cha magazi asadziimbe mlandu, ngakhale khansa itadzabwerera. Koma kuchedwa kobwerezabwereza kusamatengedwe ngati chizolowezi. Madokotala ali ndi njira zina: kusintha mlingo, kuwonjezera magazi, kapena kubaya jekeseni wa filgrastim wochulukitsa asilikali a m'thupi komwe akupezeka.

Inu amene mukudwazika mayi, mlongo kapena mkazi wanu, musachoke m'chipatala musanafunse chifukwa chimene tsiku lasunthidwira ndi tsiku lenileni lobwerera. Yambani kusonkha ndalama ya ulendo wotsatira mukangofika kunyumba. Akatentha thupi ali pa kemo, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo a Unduna wa Zaumoyo aonetsetse kuti carboplatin ndi paclitaxel sizikusowa, kuti mayi amene wasunga tsiku lake asabwezedwe chimanjamanja.