Chinamwali cha anyamata a ku Mzimba chikuchitikira pa Beitbridge

Ku Mzimba aliyense akuti akulera achinyamata. Mipingo ili ndi magulu ake a achinyamata, sukulu zili ndi phunziro la Life Skills, mafumu ali ndi malamulo a m'midzi, ndipo mabungwe amachititsa misonkhano pa boma, anthu n'kumwa fanta, n'kusainira alawansi. Koma mukafunsa mnyamata wa Fomu 2 ku Jenda, ku Embangweni kapena ku Edingeni kuti munthu amakula liti, yankho lake silichokera kwa aliyense wa amenewa. Kwa iye munthu wakula akapita ku Joni, n'kubwerako ndi ndalama ya malata ndi ya lobola. Ine ndikuti alangizi athu onsewa akulangiza mwana amene kulibe, pomwe mwana weniweni ali pa depoti ndi chikwama chake, ndipo palibe wamuuza chilichonse chokhudza kumene akupitako.

Ulendowu sunayambe dzulo ayi. Dera la Angoni a M'mbelwa linalowa mu ulamuliro wa atsamunda mu 1904, msonkho unatsatira, ndipo amuna anayamba kutsika kummwera kukafuna ndalama. Agogo athu anapita ndi Wenela mpaka 1974, pomwe ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu a kumigodi. Kenako kunabwera TEBA, nayo inatha mu 1988 chifukwa cha mkangano woyeza anthu HIV. Makontirakiti atatha anthu sanasiye kupita. Anayamba kuyenda paokha, lero akunyamulidwa ndi matransipota. Ndiye kuti kwa zaka zoposa 100 boma lathu lakhala likutumiza ana ake kunja, koma mpaka pano tikuchita ngati ndi mphekesera chabe.

Makolo akale anali ndi njira yawo. Mnyamata akasinkhuka ankachoka m'nyumba ya mayi ake kukagona ku mphala, komwe ankaphunzira kuweta ng'ombe, kupirira ndi kulemekeza akulu. Atsikana anali ndi nthanganeni ndi amayi owalangiza. Sindikulira kuti zonsezo zibwerere, chifukwa ku mphala kunalinso nkhanza, ndipo ng'ombe zinalepheretsa ana ambiri sukulu. Koma chinthu chimodzi makolo aja anachitha: ankakonzekeretsa mwana moyo umene akakhaledi, ndipo mudzi wonse unkalankhula mawu amodzi. Lero abusa akuti pemphera, aphunzitsi akuti khoza mayeso, a bungwe akuti dziwa ufulu wako, amalume akuti peza pasipoti. Mwa anayiwa, amene ali ndi umboni m'manja ndi amalume, chifukwa nyumba ya njerwa zootcha ikuoneka pamudzi.

Taonani zimene mnyamatayo amanyamuka asakuzidziwa. Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30 okha, ndipo chilolezocho ndi cha mlendo, si cha ntchito. Masikuwo akatha amasanduka wozemba, bwana akhoza kumulipira zochepa kapena osamulipira n'komwe, iye n'kuopa kukadandaula. Akagwidwa amakasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kumudzi chimanjamanja. Sadziwa kuti ngongole ya transipota ikhoza kudya malipiro a miyezi yoyamba. Sadziwa kuti wakumwa ma ARV ayenera kunyamula kalata ya kuchipatala. Za ziwawa zothamangitsa alendo za mu 2008 ndi 2015, pomwe boma linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu, amangozimva ngati nthano. Zonsezi amakaziphunzira panjira, pa Tete, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge, ndipo anamkungwi ake ndi anthu amene akumudyera ndalama.

Kumbali ya atsikana ntchito yagwirika, tisakane. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti agwirizane nalo, ndipo kuyambira mu 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Magulu a amayi a pasukulu akuyesetsa. Koma tikulangiza mtsikana yekha, ngati amadzikwatira yekha. Amene akubwera mu Disembala ndi foni yatsopano ndi marandi a lobola ndi mnyamata yemwe uja sitinamulangize. Ukwati uchitika, Januwale akafika mwamuna abwerera ku Joni, mtsikana atsala kwa apongozi ndi pathupi, kudikira uthenga wa pa WhatsApp. Nkhani ya ukwati wa ana ndi nkhani ya ku Joni ndi mutu umodzi, koma timaikambira m'misonkhano iwiri yosiyana, ya mabungwe awiri osiyana, aliyense ndi chikwangwani chake.

Ndikudziwa chimene akuluakulu ena anganene: ukaphunzitsa ana za pasipoti ndi ziphaso ndiye kuti ukuwakankha kuti apite. Mawu omwewa ananenedwapo pa nkhani ya makondomu, ndipo kukhala chete sikunapulumutse munthu. Anyamata akupita kale, sakudikira chilolezo cha komiti. Komanso amene wamva zoona zonse, za kugona anthu ambiri m'kachipinda ka malata, za mtengo wobweretsera maliro kumudzi, ndiye angaganize kawiri n'kumaliza kaye Fomu 4. Pakali pano akumva mbali imodzi yokha, ya amene zinawayendera, chifukwa amene zinawakanika sajambulitsa zithunzi za pa Facebook.

Ena amati vuto ndi umphawi basi, ntchito zikapezeka ana adzakhala. Zoona, koma ntchitozo sizibwera chaka chino, ndipo mabasi akunyamuka sabata ino. Kudikira kuti chuma cha dziko chikonzeke ndi njira ina yosambira m'manja.

Chimene ndikupempha sichifuna ndalama za azungu. Khonsolo ya M'mbelwa ili kale ndi ofesi ya achinyamata, ndipo m'madera a Inkosi Mabilabo, Inkosi Mzikubola, Inkosi Khosolo ndi Inkosi Mzukuzuku muli makomiti a chitukuko. Aitanitse Sinodi ya Livingstonia, Akatolika ndi mipingo ina, ahedi a sukulu, achipatala ndi a zolowa ndi kutuluka, agwirizane mfundo zochepa zimene mwana aliyense wa zaka 15 ayenera kuzimva, mnyamata ndi mtsikana yemwe: malamulo a ukwati, thupi lake, kusunga ndalama, luso la manja ndi zoona za ulendo wa kunja. Bungwe lofuna kugwira ntchito ndi achinyamata lilowe m'ndondomeko imeneyi, lisabwere ndi yake. Mu Disembala, pomwe a ku Joni ali pamudzi, mfumu iwaitane alankhule pamaso pa ana, pamodzi ndi amene anabwezedwa ndi amayi amene anasiyidwa. A TEVETA afike ndi maphunziro a ukalipentala, zomangamanga ndi kuwotcherera, kuti wopitayo apite ndi pepala, wotsalayo akhale ndi poyambira.

Ndipo chaka chilichonse timasonkhana pa phiri la Hora ku Umthetho, pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V. Ingoma imavinidwa, nyama imadyedwa, andale amalankhula. Ngati chikhalidwe chili ndi ntchito, tsiku limodzi la mwambowu liperekedwe kwa achinyamata, amve malangizo amene angawathandize pa Beitbridge. Nthenga za kumutu ndi chishango sizingamuteteze mwana amene masiku ake 30 atha.

Ife a ku yunivesite tisadzichotsemo. Timalemba mapepala okhudza kusamuka kwa anthu, timakhoza, kenako pa holide timangokhala pa foni. Tikudziwa kuwerenga lamulo n'kulimasulira m'Chitumbuka. Mutu umodzi susenza denga, koma denga ili lagona pansi nthawi yaitali aliyense akuloza mnzake. Holide ikubwerayi, pitani kwa ahedi a sukulu imene munaphunzira, mupemphe ola limodzi ndi ana a Fomu 2, ndipo mutenge msuweni wanu amene anabwerako ku Lindela akalankhule yekha.