MWANA WALUSO PA MPIRA: APITE TSOPANO KAPENA AYAMBE WATSIRIZA SUKULU?

Makolo anzathu, pali funso limene kale linali la anthu a ku migodi ndi a ku Lusaka okha, koma masiku ano lafika m'nyumba zathu kuno ku Chipata, ku Katete, ku Chadiza ndi ku Lundazi. Mnyamata kapena mtsikana ali pa sukulu, ndipo mpira aumenya bwino kotero kuti anthu odutsa m'njira aimika njinga zao kuti amuonerere. Tsiku lina kufika mlendo wovala bwino, nanena kuti mwanayo afunika ku timu ya ku Lusaka, ndi kuti pambuyo pake njira ya ku Ulaya idzatseguka. Mayeso otsiriza atsala caka cimodzi kapena ziwiri. Kodi mwanayo apite tsopano, kapena ayambe watsiriza maphunziro? Funso limeneli lakanganitsa atate ndi amai, amalume ndi aphunzitsi. Wina aona ndalama za feteleza ndi malata a nyumba. Wina aona mwana wopanda satifiketi. Onsewo amufunira zabwino, ndipo n'cifukwa cace nkhaniyi ifunika kuikhalira pansi.

Anyamata a 2017

Tiyambire pakhomo pathu. Fashion Sakala anabadwira kuno ku Chipata mu 1997. Anasewera ku Nchanga Rangers ndi ku Zanaco, ndipo anali m'gulu la anyamata osakwana zaka 20 amene anatenga cikho ca mu Afrika mu March 2017, pamene anagonjetsa Senegal 2-0 pa bwalo la National Heroes ku Lusaka. Caka comweco anapita ku Spartak Moscow ku Russia. Ana athu adziwa bwino kuti iye anasewerapo ku Rangers ya ku Scotland, koma aiwala msewu umene anayenda. Ku Russia anasewera m'timu yaciwiri ya kalabuyo. Mu 2018 anasamukira ku Oostende, kalabu yaing'ono ya ku Belgium, nakhalako zaka zitatu. Ku Rangers anafika mu 2021 ali ndi zaka 24, ndipo mu 2023 anapita ku Al-Fayha ku Saudi Arabia. Ngakhale kwa munthu waluso lotero, cipata ca kalabu yaikuru cinatseguka patapita zaka zinai za kuzizidwa ndi kudikira m'maiko acilendo.

Anzace awiri a m'gulu lomwelo, Patson Daka ndi Enock Mwepu, anapita ku Red Bull Salzburg ku Austria mu 2017, ndipo onse awiri analowa mu England mu 2021, Daka ku Leicester City, Mwepu ku Brighton. Mwepu anthu anamucha Kompyuta cifukwa ca nzeru zace pa bwalo. Koma mu October 2022, ali ndi zaka 24 cabe, anasiya kusewera, pakuti madokotala anapeza kuti ali ndi matenda a mtima a cibadwa, ndipo kupitiriza kukanaika moyo wace pangozi. Sanaledzere, sanasoceretse cuma, sanalakwire munthu. Thupi lokha ndilo linakana. Kalabu yace inamucitira ulemu pomupatsa nchito yophunzitsa ana aang'ono mpira, koma si kalabu iriyonse imene ingacite zotero, ndipo si wosewera aliyense amene adwala atafika kale ku England.

Tikumbukirenso kuti gulu lija linali ndi anyamata oposa 20, osankhidwa pakati pa zikwi za anzao m'dziko lonse, ndipo anapambana Afrika yonse. Mwa iwo, amene maina ao anamveka ku England ndi ku Scotland ndi atatu. Ngati pakhomo pali popapatiza cotero kwa akatswiri a dziko, nanga kwa mwana wathu amene achuka pa bwalo la David Kaunda cabe?

Mmene aciweruzira ku Amerika

Funso lathuli anthu a ku Amerika alimbana nalo caka ndi caka pa masewera a basketball, ndipo tingatolepo nzeru. Kumeneko wosewera wabwino aphunzira ku koleji kwa zaka zinai uku akusewerera koleji yaceyo. Ligi yaikuru ya NBA iri ndi matimu 30, ndipo caka ciriconse asankha osewera atsopano m'magawo awiri, malo onse pamodzi 60. Wosankhidwa ayenera kukwanitsa zaka 19 m'caka cimeneco. Motero mnyamata atangotha caka cimodzi kapena ziwiri ku koleji ayamba kudzifunsa ngati alembetse dzina tsopano kapena abwerere kukalasi. Amene asankhidwa m'gawo loyamba alandira pangano la malipiro otsimikizika. Amene asankhidwa m'gawo laciwiri alibe citsimikizo cotero. Ndipo ambiri sasankhidwa konse. Malamulo alola mnyamata kukayesedwa, kumva mmene matimu amuonera, ndi kucotsa dzina lace tsiku loikika lisanakwane kuti abwerere ku koleji. Kuyambira 2021 wophunzira aloledwanso kulandira ndalama cifukwa ca kuchuka kwa dzina lace ali pa sukulu pomwepo, kotero kuti umphawi sumuthamangitsa monga kale.

Alipo amene anadikira napindula. Tim Duncan analonjeza amai ace, amene anamwalira iye ali ndi zaka 13, kuti adzatsiriza koleji. Matimu anamufuna msanga, koma iye anakhala ku Wake Forest zaka zonse zinai, nalandira digiri mu 1997, nasankhidwa woyamba pa onse. Anasewera zaka 19 natenga cikho kasanu. Dikembe Mutombo wa ku Congo anapita ku Georgetown mu 1987 ndi maganizo okhala dokotala, natsiriza maphunziro a zilankhulo ndi ukazembe mu 1991, nalowa mu NBA ali ndi zaka 25. Atalemera anamanga cipatala ku Kinshasa, cimene cinatsegulidwa mu 2007 m'dzina la amai ace, ndipo cikali kuthandiza odwala ngakhale mwini wace anamwalira mu 2024.

Aliponso amene anacoka msanga ndipo sanalakwe. Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria anasiya koleji ya Houston mu 1984 kutatsala caka cimodzi, nadzatenga cikho mu 1994 ndi 1995. Koma Hasheem Thabeet wa ku Tanzania, amene anacoka ku Connecticut mu 2009 kutatsalanso caka cimodzi nasankhidwa waciwiri pa onse, anatsitsidwa ku ligi yaing'ono caka cisanathe, ndipo pofika 2014 nthawi yace mu NBA inali itatha. Ndalama anazilandira, pakuti pangano lace linali lotsimikizika, koma luso lace linali lisanakhwime.

Tiona pamenepa kuti palibe yankho limodzi lokwanira ana onse. Koma tionanso cinthu cina. Mnyamata wa ku Amerika aganizira zocoka atatsiriza kale sekondale, auzidwa poyera mtengo wace asanadule cisankho, ndipo khomo lobwerera likhala lotsegula mpaka tsiku lodziwika. Mwana wathu kuno kawirikawiri afunsidwa kuti asiye sukulu asanalembe mayeso a Giredi 12, pa mau a pakamwa a mlendo, popanda khomo lobwerera. Iwo ayeza pangano ndi digiri. Ife nthawi zambiri tiyeza mphekesera ndi satifiketi.

Mbali zonse ziwiri ziri ndi mau

Amene ati mwana apite ali ndi mfundo. Akuluakulu anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Mphamvu za miyendo ziri ndi nyengo yace, ndipo pofika zaka 35 osewera ambiri apuma. Buku lingadikire munthu mpaka imvi, koma liwiro silidikira. Ndiponso tisadzinamize kuti satifiketi ndi nchito, pakuti tiri nao m'makomboni mwathu anyamata amene anakhoza bwino Giredi 12 ndipo akali kunyamula anthu pa njinga kucokera ku Kapata. Banja limene ligona ndi njala mwezi wa February silingauzidwe mopepuka kuti likane malipiro.

Koma amene ati ayambe watsiriza ali ndi mfundo yolemera koposa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati mpira utha pa zaka 35, kapena pa 24 monga zinacitikira Mwepu, kapena pa 19 cifukwa ca bondo lothyoka pa bwalo la fumbi, zaka zotsalazo munthu adzadya ciani? Ndipo maphunziro athandiza ngakhale amene apambana. Wosewera asaina mapepala a m'Cingerezi covuta, alipira misonkho m'dziko lacilendo, azingidwa ndi anthu ofuna kumusungira ndalama. Wosadziwa kuwerenga bwino ndi kuwerengera adyeredwa masuku pamutu ali maso. Ngakhale uphunzitsi wa mpira masiku ano ufuna makalasi ndi mayeso.

Ena ati mapanga awiri avumbwitsa, mwana asankhe cimodzi. Koma Samuel Matete anasonyeza kuti nthawi zina sukulu ndiyo njira ya ku bwalo. Anathamangira yunivesite ya Auburn ku Amerika, natenga mendulo ya golide ya dziko lonse pa mpikisano wolumpha mipanda wa mamita 400 ku Tokyo mu 1991, ndi ya siliva pa Olimpiki ku Atlanta mu 1996. Mwana waluso amene ali ndi zotsatira zabwino za mayeso ali ndi zitseko ziwiri zogogodapo. Amene wasiyira panjira ali ndi cimodzi cokha.

Uphungu wathu

Coyamba, mwana wosakwana zaka 18 asacoke pa sukulu cifukwa ca lonjezo la ku Ulaya. Malamulo a FIFA aletsa kusamutsira wosewera wa msinkhu umenewo ku kalabu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zowerengeka, monga pamene makolo ace enieni asamukira kumeneko pa zifukwa zosakhudza mpira. Cotero munthu wolonjeza kutengera mwana wa zaka 16 kunja mwezi wamawa, kapena sadziwa malamulo, kapena afuna kuwazembera, kapena afuna ng'ombe zanu. Ndipo popeza kuyambira January 2022 sukulu za boma siziripiritsa mpaka kumapeto kwa sekondale, cifukwa cimodzi cacikuru cosiyira sukulu cacepa mphamvu.

Caciwiri, ngati timu ya m'dziko mwathu momwe muno ifuna mwana wa sukulu, makolo afunse kuti adzaphunzira ku sukulu iti, adzagona kuti, ndipo wamkuru womuyang'anira ndani. Kalata yosamutsira mwana ku sukulu ina ikhale m'manja asanakwere basi. Pa ana aakazi funso la womuyang'anira likhale loyamba ndi lotsiriza. Barbra Banda anapita ku Spain mu 2018 ndi ku Orlando Pride ku Amerika mu 2024, ndipo atsikana athu ambiri tsopano alota maloto omwewo. Ndi maloto abwino, koma afuna mpanda wolimba.

Cacitatu, siyanitsani kuyesedwa ndi pangano. Kuitanidwa kukayesedwa kwa milungu iwiri si nchito. Kungacitike pa chuti, kapena mwa kupempha cilolezo ku sukulu, popanda kufafaniza dzina m'kaundula. Pangano leni leni liri pa pepala, lichula kalabu, zaka, malipiro, ndi cimene cidzacitike mwana akavulala. Liwerengedwe ndi munthu wodziwa malamulo amene sadyapo kanthu. Kuyambira 2023 FIFA ifuna kuti aliyense woyimira osewera akhale ndi laisensi, ndipo makolo ali ndi ufulu wofunsa ku FAZ ngati mlendoyo ndi wodziwika. Akayamba ndi kupempha ndalama za tikiti ndi viza, kumbukirani cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cacinai, mwana akatsiriza sekondale, nakwanitsa zaka 18, napatsidwa pangano loona ndi kalabu yodziwika, ife tikuti msamuletse, ngakhale atapeza malo ku koleji. Apemphe kuti malowo amusungire ngati n'kotheka, apite, ndipo gawo la malipiro oyamba lisungidwe kaamba ka maphunziro a mtsogolo. Amene anacoka kale asanalembe mayeso asataye mtima, pakuti mayeso a GCE alandira munthu wa msinkhu uliwonse, ndipo wosewera ali ndi maola ambiri opanda nchito pakati pa masewera.

Pomaliza, tidziyese ife eni ace. Pamene tikankhira mwana ku basi, kodi tiganizira moyo wace wonse kapena ngongole zathu za caka cino? Ndipo pamene timukaniza, kodi ndi nzeru kapena ndi mantha cabe, ndi kunyoza mpira monga masewera a anthu osowa zocita? Mwana amene apita atasenza ciyembekezo ca mudzi wonse aopa kubwerera zikavuta, ndipo ena asanduka macona cifukwa ca manyazi. Muuzeni asananyamuke kuti pakhomo pakhala potsegula, kaya abwere ndi galimoto kaya ndi kacikwama kamene anapita nako. Ndipo pa msonkhano wa banja umene udzaweruze nkhaniyi, mwini miyendo apatsidwe mpando ndi mpata wolankhula, pakuti zaka zimene tikambirana ndi zace.