Mabandulo otsika mtengo: kodi mlimi wa kwa Kaomba akupindula nawo?

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa m'mwezi wa Epulo, ndalama imayamba kuyenda m'dera la Mfumu Kaomba. Pansi pa maambulera ofiira a Airtel ndi obiriwira a TNM pamadzaza anthu: ena akutapa ndalama, ena akutumizira ana kusukulu, enanso akugula mayunitsi. Pa wailesi timamva tsiku ndi tsiku kuti mabandulo atsika mtengo. Funso lathu n'lakuti: atsikira yani?

Msika wa lamya za m'manja m'dziko muno uli m'manja mwa makampani awiriwa. TNM idayamba mu 1995. Inzakeyo idabwera mu 1999 ndi dzina loti Celtel, idasanduka Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Sitikukana ubwino umene adabweretsa. Chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, mayi wa kumudzi amalandira thandizo la mwana wake wa m'tauni popanda kukwera basi.

Abale athu amene ali ku South Africa amadziwa msika wa mtundu wina. Kumeneko mabanki monga FNB ndi Capitec amabwereka netiweki ya makampani akuluakulu n'kumagulitsa mayunitsi m'dzina lawo, ndipo wogula amakhala ndi posankha pambiri. Kwathu kuno kutsitsa mtengo kumabwera ndi eni ake omwewo, kudzera m'mabandulo a mayina okoma a Chichewa. Wogulitsa ndiye amasankha pomwe atsitse, ndi amene amutsitsire.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Bandulo yaikulu imakhala yotsika mtengo tikawerengera pa gigabaiti iliyonse, koma imafuna ndalama yambiri pakamodzi. Amene amaikwanitsa ndi wapantchito wolandira pa mwezi. Mlimi wa fodya amagwira ndalama yooneka kamodzi pa chaka. Pofika Januwale, feteleza atadya zonse ndipo nkhokwe ili pululu, amagula kabandulo kakang'ono ka tsiku limodzi. Kabanduloko kamatha nthawi yake ikakwana, kaya wakagwiritsa ntchito kaya ayi, ngakhale tsikulo netiweki idali yovuta kapena foni idazima posowa potchajira. Zikafika pothina amabwereka mayunitsi kudzera pa Kutapa kapena Pasavute, ndipo pobweza amadulidwa kangachepe pamwamba. Motero wosauka amagula modula kuposa wopeza bwino, chonsecho katundu wake ndi yemweyo.

Masitolo owala a makampaniwa, m'malo ngati Gateway Mall ku Lilongwe ndi Chichiri ku Blantyre, amaonetsa kumene maso awo ali. Mumagulitsidwa mafoni apamwamba ndi zipangizo za intaneti ya m'nyumba, ndipo kasitomala amakhala pampando namvetseredwa. Kumudzi nkhope ya kampani ndi ejenti wa pa kabenchi, amene amadya kakomishoni kochepa, ndipo nthawi zina ndalama yopatsa otapa imamuthera dzuwa lisadapendeke. Simukhadi ikatayika, kapena ndalama ikapita ku nambala yolakwika, ejentiyo kawirikawiri alibe mphamvu. Munthu amayenera kupalasa njinga mpaka pa boma la Kasungu atanyamula chiphaso chake cha unzika, pakuti kuyambira 2018 nambala iliyonse imalembetsedwa. Tsiku la kumunda latha pamenepo.

Boma nalo lisabisale kumbuyo kwa makampani. Mu 2015 lidaika msonkho wa 10 peresenti pa intaneti ndi mauthenga a pa foni, kuwonjezera pa VAT, ndipo msonkhowu sufunsa kuti wogulayo ndi bwana kapena waganyu. Bungwe la MACRA lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti, mwa zina, liziteteza ogula. Anthu a m'mizinda atadandaula mwamphamvu mu 2020 za kudula kwa intaneti, mitengo ina idatsikadi. Koma amene adafuula nthawi imeneyo ndi a pa Facebook ndi Twitter. Ife tikuona kuti MACRA iyenera kufika kuno nthawi ya msika wa Chinkhoma, imve kwa alimi eni ake za mabandulo a tsiku limodzi, ndipo ifunse makampaniwo chifukwa chake chimene munthu walipira kale chimafufutidwa asadachigwiritse ntchito.