ZA LUSO LA MANJA: Bokosi Lodulidwa ndi Kuwala

Mmisiri aliyense wa matabwa, kaya ndi wa ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke, adziwa kuti bokosi lolimba koposa ndi lija limene matabwa ake alumana pa ngondya ndi mano, monga zala za manja awiri zikalowana. Adziwanso kuti mano amenewa ndiwo adya nthawi, pakuti dzino limodzi likalakwika thabwa lonse laonongeka. M'maiko ambiri masiku ano timabokosi ta mtundu umenewu tidulidwa ndi makina ochedwa laser, ndipo manowo ajambulidwa pa kompyuta. Danga lino sabata ino lifotokoza za makinawa, kuti makolo ndi acinyamata ofuna nchito ya manja adziwe zimene makinawa akhoza kucita ndi zimene alephera.

Laser ndi kuwala kwamphamvu kosonkhanitsidwa pa kadontho kamodzi. Ana a sukulu amene anatenthapo pepala ndi galasi padzuwa anaona kale ciyambi ca nzeru imeneyi. Laser yoyamba inapangidwa ndi a Theodore Maiman ku America m'caka ca 1960, ndipo mu 1964 a Kumar Patel, mbadwa ya ku India, anapanga ya mtundu umene udula matabwa mpaka lero. Makinawa alibe sowo. Kuwalako kuyenda pamwamba pa thabwa ndi kutentha kamzera kocepa kuposa mzera wa pensulo, kufikira thabwalo litaduka.

Komatu makinawa sadziwa kuti bokosi n'ciani. Angotsata cithunzi cimene apatsidwa, kaya cabwino kaya colakwika. Motero nzeru yonse yagona pa kajambulidwe, ndipo apa anthu a kumudzi sadzavutika kumva, cifukwa njira yake aidziwa kale.

Munthu womanga nkhokwe akhoma cikhomo pansi, namangapo cingwe, nazungulira kulemba mzera. Caka cimene cimanga caculuka atalikitsa cingweco, ndipo zina zonse zitsata: nsungwi ziculuka, mitengo ya pansi italika, denga nalo likula. Cimene womangayo asunga m'mutu ndi lamulo la kamangidwe, ndipo lamulo limodzilo libala nkhokwe zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Akatswiri a kompyuta achula njira yotere kuti parametric. Mapulogilamu monga OpenSCAD, imene inaturuka mu 2010, FreeCAD ndi Boxes.py agwira nchito mwa njira imeneyi, ndipo onse atatu apezeka ulere pa intaneti.

Mwacitsanzo, mai afuna kabokosi kosungiramo mbewu za ndiwo, kotalika mamilimita 200 m'kati mwake, ndipo thabwa lilipo ndi la plywood la mamilimita 3. Lamulo likuti utali wa kunja ndi utali wa m'kati kuonjezapo kucindikala kwa thabwa kawiri, ndiye kuti mamilimita 206. Lamulo lina likuti kuya kwa dzino lililonse kulingane ndi kucindikala kwa thabwa. Tsono tinene kuti thabwa la 3 latha m'sitolo, kwatsala la 6 cabe. Bokosi liri ndi matabwa 6 ndi malo olumana 12, ndipo wojambula pamanja ayenera kufafaniza dzino lililonse ndi kuyambanso. Wa pulogilamu asintha nambala imodzi yokha. Pomwepo utali wa kunja ukhala 212, mano onse azama kufika pa 6, ndipo malo a mbewu m'kati akhalabe 200.

Pali zinthu ziwiri zimene zigwetsa ophunzira ambiri. Coyamba ndi mpata umene kuwala kudya podula. Sowo nayo idya thabwa, n'cifukwa cake mmisiri wodziwa adula kunja kwa mzera wa pensulo. Laser kawiri-kawiri idya pafupi-fupi mamilimita 0.2. Kanthu kameneka kaoneka kacabe, koma dzino licepa ndi 0.2, ndipo malo olowamo dzinolo akula ndi 0.2, kotero kuti patsala mpata wa 0.4 ndipo bokosi ligwedera. Munthu akauza pulogilamu za mpata umenewu, iyo ikankhira mizera yonse kunja pang'ono, ndipo matabwa alumana zolimba, nthawi zina popanda guluu kapena msomali.

Caciwiri ndi thabwa lenileni. Plywood imene wogulitsa anena kuti ndi ya mamilimita 3 kawiri-kawiri icepako kapena kupitirira pang'ono. Wokhulupirira mau a m'sitolo osapima yekha adzadula thabwa lonse mwaukhondo, koma zidutswa zake sizidzalumana, ndipo ndalama yapita. Amisiri ozolowera ayamba apima thabwa, nadula tizidutswa tiwiri toyesera, ndipo tikalumana bwino ndi pamene adula bokosi lonse.

Owerenga asaganize kuti makinawa adzalanda nchito ya sowo ndi cisulo. Makina ang'ono amene apezeka m'malo ophunziriramo adula matabwa opyapyala, zikopa, makatoni ndi pulasitiki ya mtundu wa acrylic, koma thabwa la mukwa la citseko kapena la bedi salikhoza ai. Afuna magetsi odalirika, ndipo anthu a m'Zambia akumbukira mmene magetsi anasowera m'caka ca 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba. Ngozi nazo zilipo. Thabwa likhoza kuyaka moto, motero munthu sayenera kucokapo makina ali kudula. Utsi uyenera kuturutsidwa kunja kwa nyumba, civundikiro cikhale cotseka kuteteza maso, ndipo pulasitiki ya PVC siyenera kudulidwa konse pakuti iturutsa mpweya wa poizoni.

Mtengo wa makinawa ndi wolemera kwa munthu mmodzi wa kumudzi. Kaamba ka ici, m'maiko ambiri anthu awagwiritsa nchito mogwirizana m'nyumba zochedwa Fab Lab, nzeru imene inayambira pa sukulu ya MIT ku America motsogozedwa ndi a Neil Gershenfeld. Nyumba yotere inatsegulidwa ku Takoradi m'dziko la Ghana mu 2004. Munthu ajambula bokosi lace pa kompyuta iriyonse, napita nalo kumene kuli makina kukadulitsa. Sukulu ya nchito za manja kapena kabungwe ka amisiri kakhoza kutsata njira yomweyi, ndi kupanga timabokosi togulitsiramo sopo ndi mabotolo a uci, zilembo zophunzitsira ana kuwerenga, ndi zoseweretsa.

Mnyamata kapena mtsikana wodziwa kompyuta koma amene sanagwirepo thabwa adzapatsa makina manambala olakwika, ndipo mmisiri wokalamba wodziwa thabwa sadziwa polemba manambalawo. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Makolo amene ali ndi mwana wokonda masamu acita bwino kumtumiza pa holide kwa kalipentala wa pafupi, kuti akaphunzire kupima, kulemba mzera ndi kudula kunja kwake. Tsiku limene adzaima pa makina a laser, ku Lusaka kapena kwina kulikonse, adzapeza kuti mafunso amene pulogilamu ifunsa ndi omwewo amene kalipentala anali kumfunsa pansi pa mtengo wa mango.