Mbusa Ayenda Patsogolo

Pa Mukuni Park, m'mzinda wa Livingstone, amisiri amagulitsa mikango yosema. Mmisiri amene sanaupenyetse mkango amangosema galu wa manyenje, ndipo wogula apita naye kwao nakhulupirira kuti mkango uli wotero. Alaliki ambiri acita cimodzimodzi ndi fanizo la mbusa.

Buku Lopatulika la 1922, limene William Murray ndi anzace anamasulira, liri ndi mau akuti mbusa pa Salmo 23 ndi pa Yohane 10. Omasulirawo sanalakwe. Koma mbusa wa m'midzi ya kuno ndi kamnyamata kotsata mbuzi pambuyo, mkwapulo uli m'dzanja, miyala yogendera iri m'thumba. Wa ku Palestine ankatsogola ndi iye; ziweto zinkalondola liu lace, ndipo cirombo cikabwera, anali woyamba kukomana naco.

Mlaliki akabisa kusiyana kumeneku, Mkristu amamva mapazi a Mulungu kumbuyo kwace. Mwana akadwala, ayesa kuti ndi mkwapulo. Mvula ikakana, afunafuna cimo limene wagendedwera. Pemphero lace lomwe likhala ngati kulira kwa mbuzi yogwidwa m'munda wa eni.

Kodi alalikiwo sadziwa? Ena adziwa ndithu, pakuti anaphunzira. Koma iwonso atchedwa abusa, ndipo anazindikira kale kuti nkhosa yamantha sivuta poimeta. Pa tsiku la copereka afika m'mamawa. Pa maliro a mkazi wamasiye afika manda atakwiriridwa kale.