Afunsa Yani?

Anzanga, ku Mangalande kuli mchitidwe wina umene eni ake amautama kwambiri. Khonsolo ikafuna kupatula malo oti a Gypsy ndi a Traveller, anthu okhala m'makalavani aja, akhazikikepo, imayamba yafunsa maganizo a anthu. Zomveka bwino m'khutu. Koma afunsa yani? Odzaza holo ndi kulemba makalata ndi eni nyumba za njerwa, ndipo nyimbo yawo ndi imodzi: kwina kulikonse, kuno ai. Nanga mwini nkhani, wosowa ndi keyala yomwe, kalata ya msonkhano impeza kuti?

Lamulo la 1968 linkakakamiza makhonsolo kupereka malo otere. Mu 1994 boma lidafafaniza udindowo, nkuwauza anthuwa kuti adzigulire okha. Adaguladi. Ku Dale Farm, m'dera la Essex, adagula malo amene kale pankaunjikidwa ziphakasa za magalimoto. Chilolezo chokhalapo adawamana, ati ndi dera losungidwa kuti likhale lobiriwira. Lobiriwira, padzala la zitsulo! Mu Okutobala 2011 apolisi adafika, mabanja pafupifupi 80 nkuchotsedwa panthaka yawoyawo. Ngati izi sizikukwana, mu 2022 adaonjeza lamulo loti ukaima pamalo a eni nkukana kuchoka, apolisi angathe kukumanga ndi kulanda kalavani, nyumba yakoyo.

Tsono khonsolo ikamati tiyeni tikambirane, tikambirana chiyani? Zoti mwana wa mnzako agone pena pake kapena ai safunsa anansi. Afunseni za msewu, za madzi, za sukulu, koma malowo ayambe alembedwa pamapu.